Duwa Loyenda ndi Nthambi: Mbiri ya Fuchsia

Aliyense amene adalimapo chinangwa adziwa kuti mbewu imeneyo siibzalidwa ndi njere, koma munthu amapita kwa mnansi wake, napempha mitengo ingapo, naidula tizidutswa, natizika pamizere. Ndipo chinangwa chimene chiphuka pamenepo si mwana wa chakale chija ayi, koma ndi chomwecho, moyo umodzi umene wangosamuka munda. Agogo atsikira kulichete, koma chinangwa chawo chikhalabe m'minda ya adzukulu, angakhale adzukuluwo aiwale dzina la amene adayamba kuchizika. Ndayambira pa chinangwa chifukwa duwa limene ndifuna kulongosola mbiri yake, lotchedwa fuchsia, lidazungulira dziko lapansi mwa njira yomweyi, kuchoka m'dzanja kulowa m'dzanja, kanthambi ndi kanthambi. Ndipo ngakhale mabuku adasunga maina a anthu omveka amene adalitcha ndi kuligulitsa, amene adalisunga ndi moyo adali antchito a m'minda ya mabwana, amayi a m'tinyumba tosauka, ndi nkhalamba zimene zidalibe chuma china koma mphika umodzi pazenera.

Kwa iye amene sadalionepo, duwali lili chotere. Silipenya kumwamba monga achitira mpendadzuwa, koma lilendewera chozondoka pa kaphesi kowonda, ngati ndolo pakhutu la namwali. Kumtunda kwake kuli ngati kabango kakafupi, ndipo pakamwa pa kabangoko patambasuka timasamba tinayi, kawirikawiri tofiira, topindikira m'mwamba. Pansi pa timeneti pali tina tinayi ta chibakuwa, tokulungana ngati nsalu ya m'chiuno. Ndipo m'katimo mutuluka timaulusi tisanu ndi titatu tonyamula mungu, pamodzi ndi kamodzi kotalika koposa tonse kolandira munguwo. Anthu a ku Brazil adalitcha ndolo ya mwana wamkazi wa mfumu, koma alimi a kumadzulo kwa Ireland, amene moyo wawo udali wa zowawa zambiri, adalitcha m'chinenero chawo misozi ya Mulungu.

Mitundu ya fuchsia yomera yokha m'thengo ipitirira 100, ndipo yochuluka kwawo ndi ku America wa Kummwera ndi wa Pakati, kuyambira ku Mexico, kutsata mtandadza wa mapiri a Andes, kufikira kumalekezero a dziko kumene kuli mpata wa nyanja wa Magellan; itatu ili ku New Zealand, ndipo umodzi pachisumbu cha Tahiti. Yambiri imera m'nkhalango za m'mapiri, kumene nkhungu imakhala pamitengo tsiku lonse monga ichitira pa Mulanje masiku a chiperoni, ndipo pansi sipauma, komanso madzi saimapo. Amene amanyamula mungu wake ku America ndi timbalame tating'ono ta milomo yaitali, tokumbutsa choso wathu, koma todziwa kuima malo amodzi mumlengalenga tikukupiza mapiko. Chifukwa chake duwalo lidafiira ndi kulendewera, koma fungo lilibe, pakuti mbalame ikopeka ndi maso, si mphuno. Eni maiko amenewo adalidziwa kalekale. Amapuche a ku Chile amalitcha chilco, nalitenga ngati mankhwala. Amaori a ku New Zealand, kumene mtundu wina umakula kukhala mtengo weniweni wa makungwa osendeka ndi mungu wobiriwira ngati thambo, amautcha kotukutuku, nadya zipatso zake zotchedwa konini. Tikamva tsono kuti Mzungu wakutiwakuti ndiye adatulukira duwali, tizikumbukira kuti adatulukira chimene ana a kumeneko adali kutola kale m'njira ya kumadzi.

Mzungu ameneyo adali wansembe wa ku France, dzina lake Charles Plumier, wobadwira ku Marseille m'chaka cha 1646, wa chipani cha Minims, ndiko kunena Ochepetsetsa. Popeza adali ndi dzanja lodziwa kujambula ndi maso osatopa, mfumu Louis XIV idamtuma katatu kuzisumbu za Caribbean kukalemba zomera za kumeneko. Ndipo paulendo wachitatu, cha m'ma 1696, pachisumbu cha Hispaniola, chimene lero chidagawika kukhala Haiti ndi Dominican Republic, adapeza kachitsamba ka maluwa ofiira ataliatali, ka masamba omera atatuatatu pamfundo. M'buku lake la 1703 adakatcha Fuchsia, pakuti udali mwambo wake kulemekeza akatswiri a zomera ndi anthu omuthandiza pakuika maina awo pa zimene adapeza. Begonia, Lobelia ndi Magnolia ndi maina ochokera m'dzanja lomwelo. Nayenso adabwezeredwa ulemu womwewo pambuyo pake, pakuti mtengo wa frangipani, wa maluwa oyera onunkhira umene tiuona m'mabwalo a mamishoni ndi maboma akale, dzina lake la m'mabuku ndi Plumeria.

Leonhart Fuchs, mwini dzinalo, adali sing'anga wa ku Germany ndi mphunzitsi pasukulu yaikulu ya Tübingen, ndipo adamwalira mu 1566, kutatsala zaka 80 kuti Plumier abadwe. Kotero duwa limene lidamveketsa dzina lake m'makomo a anthu osawerengeka iye sadalione ndi maso. Koma ulemuwo sudagwere pamunthu wosayenera. Buku lake la mitengo ya mankhwala, losindikizidwa ku Basel mu 1542, lidali ndi zithunzi pafupifupi 500 zojambulidwa poyang'ana zomera zenizeni, ndipo pakati pa zithunzizo padali cha chimanga ndi cha tsabola, mbewu zimene zidali zachilendo ku Ulaya masiku amenewo. Chimangacho iye adachiyesa chochokera ku Turkey. Chimene chinditenga mtima koposa ndi ichi, kuti kumapeto kwa bukulo Fuchs adaikamo nkhope za amisiri atatu amene adajambula ndi kusema zithunzizo, Albrecht Meyer, Heinrich Füllmaurer ndi Veit Rudolf Speckle, pa nthawi imene wogwira ntchito ya manja sadali kuwerengedwa kanthu. Mbiri ya duwa lake ikadatsata chitsanzo chimenecho, bwenzi tikudziwa maina ambiri amene lero adatayika.

Plumier adafa mu 1704 kufupi ndi Cádiz, ku Spain, alikudikira chombo chopita ku Peru, kumene adafuna kukaona mtengo umene makungwa ake atipatsa kwinini. Katswiri wa zomera Linnaeus adalandira dzina la Fuchsia mu 1753, koma chomera cha Plumier chidatsala m'mapiri a Hispaniola, chodziwika ndi chithunzi chokha, kufikira chaka cha 1873, pamene Thomas Hogg wa ku America adatumiza njere zake ku New York.

Fuchsia woyamba kukhazikika ku England adali wa mtundu wina, ndipo adafika kumunda wa mfumu wa Kew mu 1788, m'manja mwa mkulu wa chombo wotchedwa Captain Firth. Pamenepa mpamene pabadwira nthano imene olima maluwa a kumeneko akhala akusimbirana mibadwo yonse. Akuti James Lee, mwini nazale yotchuka ya ku Hammersmith, adamva kuti pazenera la mayi wina wosauka wa ku Wapping, kudooko la London kumene kunkakhala amalinyero, pali duwa limene munthu sadalionepo. Napita, nalipeza, napempha kuti aligule. Mayiyo adakana, popeza adamtengera kutsidya la nyanja ndi mwamuna wake, amene adali atabwereranso kunyanja. Koma Lee adakhuthula ndalama zonse za m'thumba mwake, nalonjezanso kuti mwa ana oyamba a chomeracho mmodzi adzabwera naye pazenera lomwelo. Atafika nacho kunazale adachidula tinthambi, tinthambito titaphuka adatidulanso, kufikira adali ndi miphika 300. Ndipo maluwa atamasula adagulitsa uliwonse pa ndalama yagolide yotchedwa guinea, ndiyo masheleni 21, imene wantchito wa m'munda akadaigwirira masabata angapo. Nthanoyi njokoma, ndipo kukoma kwakeko ndiko kundikayikitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Olemba ena a pambuyo pake adaganiza kuti mayi wa ku Wapping adabadwira m'mutu mwa Lee, kuti anthu asafunse ngati kanthambi kadatuluka m'munda wa mfumu podzera kuchipata cha kuseri. Koma kaya kudali pazenera, kaya kudali kuchipata, pa chinthu chimodzi mbali zonse ziwiri zigwirizana: chuma chonsecho chidayamba ndi kanthambi kotalika ngati chala.

Pakuti fuchsia ali ndi mphatso iyi, kuti sakana kumera. Wolima amasankha nsonga yanthete imene ilibe duwa, ya mfundo ziwiri kapena zitatu, naidula ndi lumo lakuthwa pansi penipeni pa mfundo, nachotsa masamba a m'munsi, naizika m'dothi lopepuka losakaniza ndi mchenga. Kenaka amavundikira ndi botolo kapena galasi kuti chinyontho chisathawe, naika pamthunzi powala, osati padzuwa. Pakapita masabata awiri kapena atatu, nsonga ija ikayamba kuonetsa kubiriwira kwatsopano, mwini adziwa kuti pansi mizu yagwira. Ena amangoimika kanthambiko m'kapu ya madzi pazenera, nako kamatulutsa mizu yoyera ngati ulusi. Ntchito imeneyi siisowa chuma kapena sukulu, isowa kudekha kokha, kuja akulu adati kuonetsa maso a nkhono; ndipo chifukwa chake duwa limene lidagulidwa ndi golide mu 1793 lidali, patangopita mbadwo umodzi, pamazenera a osula zitsulo ndi oomba nsalu, amene sadalipirepo kanthu koma mawu a zikomo kwa mlongo wawo wogwira ntchito kunyumba ya bwana.

Njere zili ndi ntchito ina. Munthu akatenga mungu wa mtundu umodzi naupaka pa kaulusi kolandira ka mtundu wina, chipatso chimene chidza chimakhala ndi njere zosafanana, monga ana a bere limodzi amasiyana nkhope; mwa mbande zana, kapena imodzi yokha ndiyo ikhala ndi kukongola kwatsopano, ndipo imeneyo siingasungidwe ndi njere zake, koma ndi tinthambi basi. Pamene mitundu ina idafika kuchokera ku Chile, ku Mexico ndi ku Peru m'zaka za m'ma 1820 ndi 1830, olima adayamba kukwatitsa maluwa motero. Komabe duwa limene lidagwedeza England lidadza mwangozi. Mu 1840, ku Horsmonden m'chigawo cha Kent, wantchito wa m'munda dzina lake Gulliver adaona pakati pa mbande zake imodzi ya timaluwa tating'ono, toyera kunja ndi ta chibakuwa m'kati, pamene pafupifupi fuchsia yense wodziwika kufikira tsikulo adali wofiira kunja. Thomas Cripps wa ku Tunbridge Wells adaigula, naigulitsa mu 1842 ndi dzina la Venus Victrix. Chomeracho nchofooka, chokula monyinyirika, ndipo wosadziwa mbiri yake angachipitirire osacheuka. Koma kuyera kwa fuchsia ambiri a lero kudachokera mwa icho, ndipo chilipobe m'miphika ya osunga mitundu yakale. Lingalirani tanthauzo lake: Venus Victrix amene munthu amthirira lero ndi mmera womwe uja Gulliver adauwerama kuuyang'ana, wosafa chifukwa chaka chilichonse, kwa zaka zoposa 180, padapezeka dzanja lina loudula ndi kuuzika.

Zaka za ufumu wa Victoria ku Britain ndizo zidali nyengo ya ulemerero wa duwali. Boma la Britain lidachotsa msonkho wa galasi mu 1845, ndipo nyumba zagalasi zolereramo maluwa, zimene kale zidali za mafumu okha, zidamangidwa ndi amalonda, madokotala ndi abusa omwe. Ku France, Félix Porcher adalemba buku loyamba la fuchsia yekha mu 1844, natchulamo mitundu pafupifupi 300; Victor Lemoine wa ku Nancy adatulutsa mazana ena; ndipo ku England William Story adapeza a timasamba ta m'kati toyera. Koma amene ndimuyesa mwini nyengoyo ndi James Lye, wobadwa mu 1830, amene adalowa ntchito ali mnyamata m'munda wa Clyffe Hall ku Market Lavington, m'chigawo cha Wiltshire, nakalambira momwemo. Iye ankalera fuchsia ngati nsanamira, zotambalala pansi ndi zosongoka pamwamba, zotalika pafupifupi mamita atatu, zovala maluwa kuyambira pamphika kufikira pansonga, nazinyamula kupita nazo kuzionetsero za ku Trowbridge ndi ku Bath, kumene opikisana naye ankabwerako manja ali m'khosi. Mitundu yake, ya kunja koyera ngati mkaka ndi kosalala ngati phula, monga Lye's Unique wa 1886, ikadalimidwabe.

Chinsinsi cha Lye ndi anzake chidali m'zala ziwiri, chachikulu ndi chamkombaphala. Fuchsia amamasula pa nthambi zatsopano zokha. Tsono mmera ukatulutsa masamba awiriawiri kawiri kapena katatu, wolima amatsina nsonga yake, monga mlimi wa fodya adula mutu wa fodya, ndipo pamfundo za m'munsi pamaphuka nthambi ziwiri kapena zinayi m'malo mwa imodzi. Zimenezo zikakula amazitsinanso, ndipo chomera chimene chikadakhala kamtengo kowonda ka maluwa khumi chisanduka chitsamba chothithikana cha maluwa mazana. Koma kutsina kulikonse kumachedwetsa maluwa, ndipo apa mpamene padagona nzeru ya opita kuzionetsero, pakuti adaphunzira kuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo: maluwa a timasamba tinayi amafuna masabata ngati 8 kuchokera pa kutsina kotsiriza, pamene a timasamba tambiri tothinana amafuna 10 kapena 12. Wofuna fuchsia wa tsinde lalitali ngati ambulera amachita zosiyana: satsina nsonga, koma amamangirira mmera kukabango, nachotsa mphukira za m'mbali, nasiya masamba a patsinde kuti adyetse mtengo, kufikira utafika msinkhu umene aufuna, pamenepo ndipo atsina kuti mutu upangike. Tsinde likapindika lili lanthete silidzaongokanso, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.

Mdani wamkulu kumaiko amenewo adali chisanu. Olemera ankakoleza malasha m'nyumba zagalasi nyengo yonse yozizira. Koma osauka adapeza njira imene mlimi wa mbatata angaizindikire msanga, pakuti ankachepetsa madzi kufikira masamba atayoyoka, nadulira nthambi, nagoneka zomerazo m'dzenje, nazifotsera ndi udzu wouma ndi dothi, monga tichitira ndi nkhuti, kufikira kutafunda. Ena ankangoziika pansi pa bedi kapena m'chipinda chosafika chisanu, nadontheza madzi pang'ono kamodzi pamwezi kuti mizu isaume. Padalinso mitundu yochokera ku fuchsia wa ku Magellan, yozolowera kuzizira, imene idatha kugona panja. Ndipo wotchuka mwa iyo, Riccartonii, adabadwira ku Riccarton kufupi ndi Edinburgh cha m'ma 1830. Ameneyu atafika kumadzulo kwa Ireland, ku Kerry ndi ku Cork, kumene mphepo ya kunyanja imadzetsa mvula yosaleka ndipo chisanu sichiluma, adapeza kwawo kwachiwiri. Alimi ankangothyola nthambi ndi kuzizika m'malire a minda kuti zitchinge mphepo ndi ziweto, ndipo lero misewu ya kumeneko ili ndi mipanda yofiira yoyenda mitunda ndi mitunda, kotero kuti mlendo angalumbire kuti duwalo ndi mbadwa. Riccartonii sabala njere kawirikawiri. Mipanda yonseyo idayenda ndi manja a anthu.

Ndipatuke pang'ono, pakuti dzina la Fuchs lidayendanso ulendo wina umene udafika pafupi ndi ife kuposa duwa lenilenilo. Mu 1859, ku Lyon, François-Emmanuel Verguin adapanga utoto wofiirira kuchokera ku phula la malasha, ndipo kampani ya abale otchedwa Renard idaugulitsa ndi dzina la fuchsine, chifukwa udafanana ndi duwalo. Ena amati mudalinso nthabwala, popeza Renard m'Chifalansa ndi Fuchs m'Chijeremani onse atanthauza nkhandwe. Robert Koch atapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, madokotala awiri, Franz Ziehl ndi Friedrich Neelsen, adakonza njira yokaonetsera ndi utoto umenewo, pakuti kachilomboko kakamwa kufiirako sikakutaya ngakhale katsukidwe ndi asidi. Kwa zaka zambiri, m'zipatala zathu zomwe, munthu akapereka makhololo kuti apimidwe, wopimayo ankafunafuna pagalasi timizere tofiira. Ndipo kufiira kumeneko kudali ndi dzina la sing'anga wa ku Tübingen, lodzera pa duwa limene iye sadalione.

Chomera cha Plumier chija, chitafika pomaliza ku Ulaya, chidagwa m'manja mwa Carl Bonstedt, woyang'anira munda wa zomera wa ku Göttingen, amene cha m'ma 1905 adatulutsa mwa icho mitundu ya maluwa ataliatali omera m'magulu, ya masamba oderapo, monga Thalia, Koralle ndi Gartenmeister Bonstedt. Ndipo imeneyi imapirira kutentha kuposa inzake. Koma ng'oma yolira bwino siichedwa kung'ambika. Nkhondo ya 1914 itabuka, anyamata a m'minda adapita kunkhondo, ambiri osabwerako, malasha adasowa, ndipo nyumba zagalasi zidasandutsidwa minda ya tomato ndi ndiwo, pakuti anthu adafuna chakudya, si maluwa. Chomera chosungidwa ndi tinthambi chikaphonya nyengo imodzi yachisanu chafa kosatha, ndipo mitundu mazanamazana imene maina ake tiwawerenga m'mabuku a amalonda idatha m'zaka zinayi zimenezo. Idapulumuka ndi iti? Si imene eni ake adaitsekera mwansanje kuti ikhale yawo yokha, koma imene idatuluka kale, yopemphedwa, yoperekedwa, kapenanso yobedwa, nikhala pamazenera a m'midzi kumene mayi wokalamba adapitiriza kuithirira osadziwa nkomwe dzina lake. Akulu athu sadaname pamene adati kupatsa nkuika.

Kudzuka kwake kudayambira kutsidya lina la nyanja. Ku San Francisco, kumene nkhungu ya kunyanja ya Pacific imaphimba mzinda m'miyezi yotentha, fuchsia adapeza mpweya wonga wa kumapiri a makolo ake. Ndipo mu 1929 okonda duwali adakhazikitsa American Fuchsia Society, imene chaka chotsatira idatuma anthu ku Ulaya kukasonkhanitsa zotsala, nabwera ndi mitundu ngati 50. Mwa imeneyo olima a ku California adatulutsa maluwa akuluakulu othinana, olendewera m'madengu opachika pakhonde, monga Swingtime wa Horace Tiret wa 1950, wofiira kunja ndi woyera m'kati. Ku Britain bungwe lotere lidayamba mu 1938. Kuyambira pamenepo duwali silidalinso la mabwana ndi antchito awo, koma la anthu wamba okumana m'maholo a matchalitchi, osinthana tinthambi tokulungidwa m'pepala lonyowa. Ndipo mitundu yolembedwa maina idafika zikwizikwi.

Kwathu kuno fuchsia ndi mlendo, ndipo mlendo wosankha pogona. Malo omuyenera ndi okwera ndi ozizira, onga phiri la Zomba, Mulanje, Thyolo, Dedza ndi Viphya. M'mphepete mwa nyanja ndi kuchigwa cha Shire angovutika, pakuti kutentha kukapitirira madigiri 27 amaleka kukula, nagwetsa maluwa asanamasule. Amakonda dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana, dothi la manyowa owolerana bwino, ndi mphika wobooka pansi. Cholakwa chimene chapha fuchsia ambiri m'maiko otentha chimachokera m'chifundo: mwini aona masamba alefuka masana a mwezi wa Okutobala, nathamanga ndi ndowa, osayamba wapisa chala m'dothi, koma nthawi zambiri dothilo lili lonyowa kale, chomeracho chalefuka ndi kutentha kokha, ndipo madzi owonjezerawo amiza mizu m'matope ofunda, niola. Chofunika pamenepo nkusunthira mphika pozizira, kuwaza madzi pamasamba ndi pansi pozungulira, ndi kudikira madzulo. Tisasokonezenso mlendoyu ndi mtengo wa m'nkhalango za m'mapiri athu umene mabuku autcha Halleria lucida, wa maluwa ofiira omera patsinde penipeni, okondedwa ndi choso. Azungu adauyerekeza ndi fuchsia chifukwa cha maonekedwe, koma palibe ubale.

Nsabwe za m'masamba, ntchentche zoyera, akangaude ofiira ndi chiwawu cha madontho achikasu kunsi kwa tsamba, zonsezi olima adazizolowera kalekale, nadziwa kuzigonjetsa ndi madzi a sopo, kuthyola masamba odwala, ndi kutalikitsa miphika kuti mphepo idutse. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1981 olima a ku San Francisco adaona nsonga za fuchsia wawo zikutupa, kupiringizika ndi kufiira ngati chilonda, maluwa osatulukanso. Woyambitsa adali kachilombo kotchedwa Aculops fuchsiae, kochokera ku Brazil, kosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita, kosaoneka ndi maso, kobisala m'kati mwa zotupazo kumene mankhwala opopera safika. M'zaka zowerengeka kadasakaza minda ya California. Mu 2003 kadapezeka ku Brittany, ku France, ndipo mu 2007 kadaoloka kufika kummwera kwa England. Pafupi kamayenda ndi mphepo, njuchi ndi mbalame. Koma nyanja zikuluzikulu sikadaoloke ndi mapiko a njuchi. Zikuoneka kuti kadaoloka monga duwalo lidaolokera kuyambira masiku a Captain Firth, m'kanthambi kokulungidwa bwino, m'chikwama cha munthu wokonda maluwa amene adafuna kukondweretsa mnzake.

Fuchsia wa ku Magellan, kholo la mipanda ija, ali m'gulu la ogwidwa msanga. Koma mitundu ina ya m'thengo, makamaka ya timaluwa tating'onoting'ono ya ku Mexico, imene olima adainyoza zaka zonsezi chifukwa sidali yopita nayo kuchionetsero, kachilomboko sikaipweteka kwenikweni, ndipo obereketsa a ku San Francisco adabwerera kwa iyo kukapempha mungu. M'mabungwe a olima mwambo wasintha. Wopeza chotupa amadulira nthambi kutali pansi pake, naitentha kapena kuitsekera m'thumba, nasamba m'manja ndi kutsuka lumo asanakhudze mphika wina. Ndipo wolandira kanthambi kwa mnzake, angakhale mnzakeyo ndi wa pamtima, amathokoza monga kale, koma akafika kwawo amakazika pakokha kuseri kwa nyumba, kutali ndi miphika ina, nakayang'ana nsonga m'mawa uliwonse kwa masabata angapo, asanakalole kukwera pakhonde.